Mapini Pakamwa

Mumsewu wonse uja munalibe telala wa manja opepuka ngati Mayi Sizasi. Dzinalo sanabadwe nalo ayi, anawapatsa ndi makasitomala, ndipo linawakhala. Munthu ankati akabwera ndi nsalu, asanamalize n'komwe kufotokoza mmene akufunira khosi, sizasi inali italowa kale. Nthawi zambiri zinkatuluka bwino, poti dzanjalo linali lodziwa ntchito. Koma tsiku limene zalakwika, ha, zinkalakwikiratu, ndipo mayiwo ankakagula nsalu ina akung'ung'udza njira yonse.

Vuto linali lakuti pakamwa pawo pankagwiranso ntchito chimodzimodzi. Anali munthu wamtima wapachala, waphuma losaneneka. Sikuti anali oipa mtima, ayi ndithu. Ankakukalipira m'mawa, pofika masana n'kumakufunafuna kuti umwe nawo tiyi. Kungoti mawu aja amakhala atapita kale, ndipo ena mwa anthu okalipiridwawo sankabweranso.

Mmodzi mwa osabwerawo anali mwana wawo yemwe, mwana mmodzi yekhayo. Ankamutcha Kabatani, chifukwa ali wakhanda ankakwawira pansi pa makina kutola mabatani n'kuwabisa m'tsaya. Anakula, anapeza ntchito pa ofesi ina, ndipo tsiku lina anabwera ndi mwamuna kunyumba kudzamuonetsa. Mwamunayo anali dalaivala wa lole. Mayi Sizasi sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana malaya, n'kuona batani lachitatu losokedwa ndi ulusi wofiira pa malaya oyera. Basi, mlandu unathera pomwepo.

"Ndi ameneyu? Wamutola kuti?" anatero, munthuyo asanakhale n'komwe pampando.

"Amayi, tamumvani kaye," anatero Kabatani.

"Ndimve chiyani? Ukatuluka naye pakhomo pano, usadzapondenso!"

Iwo ankayesa kuti mwana alira, apepesa, nkhani n'kutha. Anaiwala kuti magazi ndi awo omwe. Kabatani anatola chikwama, mwamuna uja anawerama mwaulemu, n'kutuluka onse awiri. Anakwatirana popanda mayi. Mayi Sizasi anaimba foni katatu, ndipo katatu konseko ankayamba ndi cholinga chopepesa, koma mawu oyamba kutuluka ankakhala akuti, "Iwe, ndiye wandichita chiyani?" Ulendo wachinayi foni inangoitana mpaka kuduka. Panapita chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Amuna awo, bambo ake a Kabatani, anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Chipumire pantchito ankathandiza kusita zovala mushopumo, kachipinda kamodzi kokhala ndi makina awiri, tebulo lodulira, galasi lalitali ndi katani pakona posinthira. Tsiku lina akusita buluku la munthu, anangoti, osadzutsa mutu:

"Amake Kabatani, mukudziwa nthawi imene ndimakukondani kwambiri?"

"Nthawi yanji?"

"Mukaluma mapini."

Mayi Sizasi anatsala pang'ono kuwagenda ndi choko. Koma mawuwo anawatsata masiku angapo. Zoonadi, telala akamayesa chovala pa munthu amaika mapini pamilomo kuti manja akhale omasuka, ndipo nthawi imeneyo salankhula, apo ayi ameza pini. Anayamba kukumbukira kuti sanakanganepo ndi munthu ali ndi mapini pakamwa. Choncho anayamba kuchitira dala. Akamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kupita kumakutu, ankatola mapini anayi kapena asanu, n'kuwaluma, n'kudikira mpaka kutenthako kutsike. Sizinkatheka masiku onse, tisanamizane. Mayi wina atanena kuti siketi yake yasokedwa mokhota, Mayi Sizasi analavulira mapini onse m'dzanja kuti amuyankhe bwinobwino kuti chokhota ndi chiuno chake. Komabe masiku ambiri zinkathandiza.

Tsiku la nkhani yathuyi linali Lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa. Mayi Sizasi ankapondaponda makina, akusoka mpendero wa yunifomu, pamene kuwala kwa pakhomo kunachepa. Anadzutsa mutu. Kabatani anali ataima pamenepo, atanyamula kajumbo m'manja, phazi limodzi mkati, lina kunja.

Makina anaima okha. Mushopu munangoti zii, kupatula simbi imene inkapuma nthunzi.

"Mwadzuka bwanji, ababa? Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka bwino, mwanangu, kaya iwe?" anayankha bambo aja. Anaimika simbi, anazimitsa, n'kuyamba kufufuza chipewa. "Ine ndikagule ulusi wakuda, watha."

Ulusi wakuda unali mbwee pashelefu kumbuyo kwawo. Palibe amene anawatsutsa. Anadutsa pafupi ndi mwana wawo, anamugwira paphewa pang'ono, n'kutuluka.

Mayi Sizasi anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu. Nkhope inali yaing'ono kuposa kale, maso olowa pang'ono, ndipo anavala malaya otaya, achimuna. Nthawi yomweyo nkhani yonse inasokeka yokha m'mutu mwawo: wamusiya. Dalaivala uja wamusiya, wapita ndi lole yake, mwana wabwerera ndi kajumbo. Kutentha kuja kunanyamuka pachifuwa ngati mkaka pamoto. Mawu anali atafika kale palilime, okonzeka, osalala: Suja ndinanena ine?

Dzanja linathamangira pakambale ka mapini. Anatola osawerenga n'kuwaluma. Imodzi inawabaya mlomo wam'munsi, koma sanaichotse.

Kabatani anaona mapiniwo, n'kuyang'ana kumbali. Anatsegula kajumbo kaja natulutsa diresi lobiriwira, la timaluwa ting'onoting'ono toyera. Mayi Sizasi analidziwa asanalitambasule. Analisoka okha, kuti mwana wawo akavale tsiku loyamba kuntchito.

"Likundithina," anatero Kabatani. "Ndimati mwina mungalikulitse. Ngati muli ndi mpata. Ngati mulibe, ndipita nalo kwina."

Kwina! Diresi losoka iwo likagwidwe ndi manja a telala wina? Kutentha kunakweranso, koma mapini anagwira ntchito yake. Mayi Sizasi anangoloza katani ndi mutu. Kabatani anamvetsa, poti anakulira mushopu momwemo, ndipo analowa kukasintha.

Mayiwo anatsala okha. Ankaopa, ndipo mantha amenewa anali achilendo kwa iwo. Ankadziwa kuti mwana uyu sanabwere ndi thupi lonse, mbali ina yatsala pakhomo. Liwu limodzi lolakwika, atuluka, ndipo ulendo uno sadzabweranso ngakhale ndi diresi. Anatsitsa buku lawo la miyeso, lakuda ndi thukuta la zala, n'kutsegula tsamba la Kabatani. Miyeso yake yonse inali mmenemo, kuyambira ya yunifomu yoyamba ya kusukulu.

Katani inasuntha. Kabatani anatuluka atagwira diresi kumbuyo, chifukwa zipi inakana kukwera kupitirira pakati pa msana. Anaima patsogolo pa galasi, manja m'mbali, monga ankaimira ali mwana.

Mayi Sizasi anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba ntchito. Mapewa anali omwe aja. Mikono chimodzimodzi, mwinanso inachepa pang'ono. Anazunguliza tepi pachifuwa, n'kuyang'ana m'buku: mainchesi awiri owonjezera. Anakweza nsidze. Anagwada, n'kuzunguliza m'chiuno: anayi. Anayezanso, poganiza kuti tepi yapindika kumbuyo. Anayi omwewo.

Anabwerera m'mbuyo ali chigwadire n'kuyang'ana mpendero. Kumbuyo unali pamalo pake, pansi pa bondo. Kutsogolo unakwera.

Abale, telala wa zaka makumi atatu pantchito sauzidwa zinthu ngati zimenezi. Munthu wonenepa ndi chakudya amanenepa paliponse, m'khosi, m'mikono, kumsana. Uyu nkhope yachepa, mikono yachepa, koma diresi lakwera kutsogolo kokha. Ndipo malaya achimuna aja, amene tsopano anali pamsomali kuseri kwa katani, sanali a munthu wosiyidwa. Anali a munthu amene zovala zake zonse zasiya kumukwana, akubwereka za mwamuna wake.

Mayo ine! Mtima unagunda mpaka m'makutu. Ankafuna kukuwa kuti msewu wonse umve. Ankafuna kumukumbatira, kumugwira pamimba, kuthamangira kunja kukaitana bambo ake. Ndipo pansi pa chimwemwecho panatuluka mawu ena, akuthwa ngati kale: Miyezi yonseyi osandiuza? Ndine mdani wako ine? Ndimve ndi tepi ngati mlendo? Mawuwo anakankha mapini mpaka milomo inawawa.

Anayang'ana m'galasi. Kabatani sankadziyang'ana yekha, ankayang'ana iwo. Anali ataluma mlomo, maso ali tong'o, akudikira ngati munthu amene wamva kung'anima ndipo akudikira bingu. Apa ndi pamene Mayi Sizasi anazindikira. Mwana uyu sanabwere chifukwa cha diresi, matelala ali ponseponse. Analephera kunena ndi pakamwa, ndiye anabweretsa thupi lake kwa munthu amene amadziwa kuwerenga tepi. Ndipo akudikira kuona ngati mayi ake akadali omwe aja.

Anakhala chigwadire kwa nthawi. Kunja kunadutsa njinga yamoto, wina anaitana mnzake patsidya pa msewu, kenako kunakhalanso bata. Kutentha kuja kunatsika pang'onopang'ono, kuchoka m'makutu, kufika pakhosi, kenako pachifuwa. Anayamba kuchotsa mapini imodziimodzi n'kumabaya m'mbali mwa diresi, pamene pankafunika kukulitsa, mpaka pakamwa panatsala popanda kanthu.

"Kavule, ndione msoko," anatero, ndi mawu apansipansi.

Kabatani anaphethira, ngati sanamve bwino. Kenako analowa kuseri kwa katani, n'kutuluka atavalanso malaya achimuna aja. Anapereka diresi, nakhala pampando wa makasitomala, m'mphepete mwenimweni.

Mayi Sizasi anatembenuza diresi kunja kukhala mkati, n'kuliyala patebulo. Telala aliyense amadziwa kuti posoka umasiya nsalu yotsala mkati mwa msoko, yopindika, kuti mwini wake akadzakula udzangomasula n'kukulitsa. Anatsata msoko wa kumanja ndi chala. Panalibe kanthu. Anaona wa kumanzere. Chimodzimodzi. Nsalu inadulidwa mpaka pafupi ndi ulusi, mwaukhondo, ndi sizasi yawo yomwe. Anakumbukira tsikulo: ankafulumira, ankafuna mkati muoneke mosalala, ndipo anangoti tche, tche, tche, osaganiza kuti mtsikana wa zaka makumi awiri sadzakhala choncho mpaka kale.

Anakhala pansi pampando wa makina, diresi lili pamiyendo.

"Silingatheke?" anafunsa Kabatani.

"Ndinadula zonse," anatero mayi ake. "Sindinasiye n'kachidutswa komwe. Ndi mmene ndilili ine, mwanangu, ndimadula kaye, kuganiza pambuyo." Mawu otsatirawo sanawazolowere, ndipo anatuluka movutikira. "Tsiku lija ndinalakwa. Munthu sindinamupatse ngakhale madzi akumwa. Ndinamuweruza chifukwa cha batani. Batani, mwanawe! Ndipo iwe ndinakuuza mawu amene mayi sayenera kuuza mwana wake. Ndinayamba kumva chisoni musanafike n'komwe pamsewu, koma pakamwa panga pankanditsogolera nthawi zonse. Ndakusowa tsiku lililonse. Undikhululukire."

Kabatani anaphimba nkhope ndi manja. Mapewa anayamba kugwedezeka. Mayi Sizasi anafuna kudumpha kuti akamugwire, koma anadziletsa pang'ono, n'kukoka mpando wawo mpaka mawondo awo anagundana ndi ake. Anadikira.

"Batani lija ndinasoka ndine," anatero Kabatani, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Linaduka tili m'njira. Ulusi umene ndinali nawo m'chikwama unali wofiira wokha."

"Iwe? Mwana wa telala?"

"Ndinkanjenjemera, amayi. Ndinkakuopani."

Mawu amenewo anawalasa kuposa pini ija. Anagwira dzanja la mwana wawo n'kulisisita ndi chala chachikulu, chokhakhala ndi singano.

Kabatani anapukuta maso ndi mkono wa malaya. "Tepi yakuuzani, eti?"

"Tepi imanena zake. Ine ndikufuna ndimve kwa iwe."

"Ndili ndi pakati, amayi. Miyezi inayi." Anapumira m'mwamba. "Ndimasanza m'mawa uliwonse. Ndimaopa. Pali zinthu zambiri zimene sindikuzidziwa, ndipo ndikafuna kufunsa, munthu amene amabwera m'mutu ndi inu."

Apa ndiye Mayi Sizasi sanadziletsenso, ndipo panalibe chifukwa. Anamukumbatira, misozi ili chuchuchu, akungobwereza kuti, "Mwana wanga, mwana wanga ine." Tepi inagwa pansi. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo ndi buluku m'manja, anaona mmene zinalili, n'kubwerera mwakachetechete.

Atapuma, mayiwo anafunsa mosamala, ngati munthu woponda pamatope:

"Nanga bambo a kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndi amene anandikakamiza kubwera. Akuti mwana sangabadwe osadziwa agogo ake." Kabatani analoza kunja ndi chibwano. "Aima pakona apo, pafupi ndi wosoka nsapato. Akuopa kufika."

Mayi Sizasi anasuzumira pazenera. Zoonadi, mkamwini wawo anali ataima pakona, manja kumbuyo. Pambali pake panali bambo ake a Kabatani, opanda ulusi uliwonse m'manja, akucheza naye ngati anthu odziwana kalekale. Ha, bambo amenewa! Ndiye kuti nthawi yonseyi ankaonana? Mayiwo anadzuka, phazi linafika pakhomo, pakamwa patatseguka kale kuti aitane onse awiri mokweza. Kenako anaima. Anabwerera n'kukhalanso pansi.

"Aime kaye pang'ono," anatero. "Munthu ameneyo ndinamulankhula mosaganiza ulendo woyamba. Ulendo uno ndikufuna ndiyambe ndapeza mawu oyenera. Ndimuitana tikatha apa."

Kabatani anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akuona munthu wachilendo wovala nkhope ya mayi ake. Kenako anakhala bwino pampando, n'kutsamira.

Mayi Sizasi anakoka thumba la zidutswa pansi pa tebulo n'kulikhuthula. Telala sataya nsalu. Anafukula, anafukula, mpaka pansi penipeni anapeza chidutswa chobiriwira cha timaluwa toyera, chotalika ngati mkono. Chinali chowala pang'ono kuposa diresi, poti sichinachapidwepo, koma chinali chomwecho.

"Tiika chidutswa mbali iyi, china mbali iyo," anatero. "Likhala ngati linasokedwa choncho."

Anachiyala patebulo, anatola sizasi, n'kuitsegula. Dzanja linkadziwa kale poyambira. Koma anaima sizasi ili chitsegukire, akuyang'ana nsaluyo. Anaiika pansi. Anatola choko, anayeza, analemba mzere, anayezanso. Kenako anayamba kuwerenga ndi zala miyezi imene yatsala.

"Chavuta n'chiyani, amayi?"

"Palibe. Ndikuganiza." Anaseka okha pang'ono pomva mawu amenewo akutuluka pakamwa pawo. "Tamvera. Zidutswazi ndidula zazikulu, zokwana mpaka mwezi womaliza. Koma sinditulutsa zonse lero. Ndipinda mkati, n'kutulutsa inchesi imodzi yokha kupitirira pamene ulipa. Pakatha milungu iwiri lidzayambanso kukuthina. Udzabwere nalo, ndidzamasule pang'ono. Ikadzathanso milungu ina iwiri, chimodzimodzi."

Kabatani anakwinya nkhope. Anali mwana wa telala, ndipo ankadziwa kuti imeneyo ndi ntchito yobwerezabwereza popanda chifukwa.

"Bwanji osangolikulitsa kamodzi, n'kuika lamba kumbuyo? Ndizingomasula ndekha. Mungavutike chonchi, kumasula msoko womwewo kakhumi?"

Mayi Sizasi anasalaza nsalu ndi chikhatho, maso ali patebulo.

"Ndikalikulitsa kamodzi," anatero, "udzabweranso liti?"

Kabatani anadzuka. Anazungulira tebulo, n'kuima pambali pa mayi ake, phewa kugunda phewa. Anagwira nsonga ya nsalu ija ndi manja awiri kuti isasunthe podula.

"Tulutsani theka la inchesi, amayi," anatero. "Ndizibwera mlungu uliwonse."